Pusi wa pa Tebulo Lathu

Agogo anga aakazi sankakonda kulalikira. Akaona mwana dzanja limodzi lili m'mbale ya mbatata, lina m'lichero la mtedza, maso ali pa nthochi ya mnzake, ankangoti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," basi n'kupitiriza kutong'ola chimanga chawo. Ine ndinkayesa mwambiwu ndi wa ana osusuka okha, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikadzamera ndevu n'kuyamba kulipira lendi, pusiyo adzatsala kumudzi. Sanatsale. Anakwera basi yomwe ndinakwera ine, ndipo chaka chathachi ndinamupeza atakhala phee pa tebulo la pabalaza, pafupi ndi laputopu yathu.

Tisanafike pa laputopuyo, timumvetse kaye pusiyu, chifukwa anthu amamuweruza asanamve mbali yake. Zipatso zimene anathyola zinali zakupsa bwino, ndipo ponena kuti zakoma sananame. Chimene chinamugwetsa ndi masamu. Choyamba anachithyola ndi dzanja lamanja. Ataona chachiwiri anatuma lamanzere. Chachitatu ndi chachinayi anazipanira ndi mapazi, poti kwa pusi mapazi ndi manjanso. Pofika pa chachisanu panalibe chiwalo chotsala pa ntchito yogwira nthambi. Abale ake ena a ku South America akanapulumukira mchira, chifukwa wawo umakulunga nthambi ngati dzanja, koma mchira wa pusi wa kuno sugwira kanthu. Choncho anatsika ndi msana, katundu wake yense ali m'manja, kumwamba akukuona bwinobwino.

Laputopu yathu ndinaigula kwa mnyamata wina amene analumbira kuti yangotsika ndege, ngakhale chilembo cha A pa kiyibodi chinali chitafufutika kale. Pakhomo pano ndiyo bulu wa aliyense. Ine ndimalemberapo malipoti a kuntchito ndi a komiti ya kutchalitchi. Mayi a kunyumba amasungamo mawerengero a banki m'khonde ndi a geni yawo ya zitenje. Mwana wathu wamkulu amati amalemberapo homuweki, koma homuweki yakeyo imamveka kulira kwa mfuti ndi magalimoto a mpikisano. Wamng'ono amangofuna makatuni, ndipo ndi yekhayo m'nyumba muno amene sanamizira zimene akufuna.

Poyamba inkathamanga. Kenako inayamba kuyenda ngati munthu wa ngongole akamadutsa pakhomo pa mwini ndalama, mwakachetechete ndi moimaima. M'mawa ndikadina batani loyatsira ndinkapita kukatereka madzi, kusamba, kumwa tiyi, kuweruza mlandu wa sokisi yosowa, pobwerako n'kupeza kamkombero kaja kakuzungulirabe. Fani yake inkalira ngati chigayo cha dizilo. Ndikalemba chiganizo, zilembo zinkatulukira pambuyo, chimodzichimodzi, ngati anthu obwerera kumanda.

Tsiku limene inandigwetsa mphwayi linali Loweruka madzulo. Lipoti la zachuma linkayenera kuwerengedwa m'tchalitchi m'mawa mwake, ndipo aliyense amene anasungapo ndalama za mpingo akudziwa kuti msungichuma akati "kompyuta yavuta", mpingo umamva kuti "ndalama zadyedwa". Ndili pakati polemba, sikirini inayera mbuu, pamwamba n'kulembedwa kuti Not Responding. Ndinadina apa, ndinadina apo, ndinaimenya kambama kachikondi m'mbali. Inangouma gwa. Lipotilo ndinalilemba pamanja mpaka pakati pa usiku, ngati kalaliki wa nthawi ya atsamunda.

Madokotala sanasowe. Mayi a kunyumba anati yakalamba, tiisiye ipume. Mwana wamkulu, amene ankadziwa bwino kumene kunalowera mlanduwo, anafulumira kunena kuti ndi netiweki. Neba wathu anati ndi vayirasi, ndipo ananena motsitsa mawu ngati akunena matenda a munthu wolemekezeka. Ine, monga mutu wa banja, ndinaganiza zochitapo kanthu. Ndinamva kuti vuto ndi "memory", ndiye ndinafufuta zithunzi 600 za chinkhoswe cha mlamu wanga. Sizinathandize. Ndinadawuniloda pulogalamu yaulere imene inalonjeza kuti kungodina kamodzi kompyuta iuluka. Inali yokongola, ya mabatani obiriwira, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: inabwera ndi anzake atatu osaitanidwa, ndipo ola lililonse inkandiuza kuti yapeza mavuto 2,000 amene angathe pokhapokha nditalipira. Pomaliza ndinaikamo pulogalamu yachiwiri yolimbana ndi vayirasi, kuti ithandizane ndi yoyamba. Kuyambira tsiku limenelo laputopu inasiya n'kuyesa komwe.

Amene anatipulumutsa ndi mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, yemwe anaphunzira za makompyuta ndipo amatiyendera Lamlungu lililonse nthawi yake ikamagwirizana modabwitsa ndi nthawi ya nsima. Atasamba m'manja kachiwiri anakhala pa tebulo, n'kundimvetsera mwaulemu ndikufotokoza zonse zimene ndinachita. Sanaseke. Anangoluma mlomo wam'munsi kwa nthawi yaitali.

"Amalume, musaiyese mfiti. Tiyeni tiitane bwalo," anatero.

Anadina mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, ndipo panatuluka chiwindo chotchedwa Task Manager. Anati limeneli ndi bwalo la amfumu la kompyuta, pamene aliyense amene akudya amaonekera dzina lake ndi kukula kwa mbamu yake. Pamwamba pa mzere wa Memory panalembedwa 94%. Pa mzere wa Disk panali 100%.

"Koma ine ndinafufuta zithunzi 600," ndinatero modandaula.

"Munakumbukira kufunsa kuti memory yake iti?" Anandiyang'ana ngati mphunzitsi wa Sitandade 2. "M'kompyuta muli nkhokwe ndi lichero. Nkhokwe ndi hard disk, mmene zinthu zimagona mpaka chaka chamawa. Yanuyi ndi ya 500 GB ndipo theka lake lilibe kanthu. Lichero ndi RAM. Chilichonse chimene kompyuta ikugwirapo ntchito pakali pano chiyenera kukhala m'lichero, chifukwa palibe amene amapetera m'nkhokwe. Lichero lanu ndi la 4 GB basi. Ndiye inu, lichero litadzaza, munathamangira kukataya matumba a m'nkhokwe."

Mayi a kunyumba, amene mpaka pamenepo sankadziwa za zithunzi za mlongo wawo, anafunsa kuti matumba ake ati. Mwamwayi mphwanga anazipeza zonse mu Recycle Bin, zili bwinobwino, ndipo banja langa lilipobe mpaka lero.

Kenako anafotokoza chimene chinkaliritsa chigayo chija. Lichero likadzaza, Windows sibweza mlendo. Imatapa zina za m'licheromo n'kukaziunjika pakona ina ya nkhokwe, m'fayilo yotchedwa pagefile.sys. Ukazifunanso imathamanga kukazitenga, koma kuti zipeze malo iyenera kutapanso zina n'kupita nazo kunkhokwe. Tsono nkhokwe yathu inali ya mtundu wakale, ya kambale kozungulira ka 5,400 pa mphindi ndi kamkono kofufuza malo ngati singano ya galamafoni. Poyerekeza ndi RAM, imeneyo ndi ngolo ya ng'ombe. Choncho wopeta wathu ankathera tsiku lonse pa ulendo wa pakati pa nkhokwe ndi pabwalo, thukuta kamukamu, osapeta n'kamodzi komwe. Ife tinkamunena ulesi pamene iye ankagwira ntchito kuposa tonse m'nyumbamo.

"Ndipo musaiwale kuti Windows payokha imafunanso malo m'lichero lomwelo, malo aakulu ndithu," anawonjezera. "Microsoft imanena kuti Windows 11 imafuna 4 GB kuti ingolowa pakhomo. Yanuyi ndi Windows 10, imadya mocheperapo, komabe imadya."

Apa m'pamene agogo anandilankhula kuchokera kumanda. Dzanja logwira nthambi lija ndi limeneli. Ukalipatsa chipatso nalonso, watsika.

Mlandu unayamba. Mphwanga anatsegula mndandanda wa Startup, wa mapulogalamu amene amadzidzutsa okha kompyuta ikangoyaka, ngati abale amene amamva fungo la tiyi ali kutsidya la mtsinje. Munali pulogalamu ya pulinta imene tinagulitsa zaka zitatu zapitazo, ikudikirabe mokhulupirika kuti mwina pulintayo idzabwerera. Munali mkuyu wanga uja ndi nyerere zake zitatu. Munali mapulogalamu awiri olimbana ndi vayirasi, amene mphwanga anati ali ngati alonda awiri osadziwana pa geti limodzi, usiku wonse amathera kusechana okhaokha. Munalinso mapulogalamu awiri a magemu amene ankadzuka m'mamawa kukafunsa ku intaneti ngati kwabwera mfuti zatsopano.

Nditaona magemuwo mtima wanga unadzaza chimwemwe cha munthu wosalakwa. Ndinaitana mwana wamkulu, n'kumuimika pakati pa balaza, n'kumuuza mwa mawu a guwa kuti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ndinali nditangoyamba ndime yachiwiri ya ulalikiwo pamene mphwanga anadina pa liwu la Memory kuti odya kwambiri akwere pamwamba pa mndandanda.

Pamwamba penipeni panali Chrome.

"Amalume, timasamba iti tili pamwambapa, ma tab awa, ndi a ndani?"

Anawerenga mokweza, ndipo anakwana 43. Tinali titapanikizana mpaka mayina ake osaoneka, ngati anthu a m'minibasi ya madzulo. Anayamba kutsegula limodzilimodzi banja lonse likuonerera. Ulimi wa bowa. Ulimi wa zinziri. Mitengo ya magalimoto ku Japan, masamba asanu ndi limodzi, ngakhale ndalama zimene ndili nazo sizingagule n'tayala lomwe. Njira khumi zochepetsera mimba. Kaphikidwe ka nkhumba yootcha, moyandikana ndi la mimba lija. Ndandanda wa matimu a Premier League wa nyengo imene inatha kalekale. Ulaliki wa maola awiri umene ndinauimitsa pa mphindi yachinayi mwezi wa Malichi. Maphunziro aulere a Chifalansa. Facebook katatu.

"Adadi," anatero mwana wamkulu uja mwaulemu wonse, "nkhuyu zija anadya ndani?"

Ndinayesa kudziteteza. Tsamba lililonse linali labwino. Bowa ndi ndalama. Chifalansa ndi chitukuko. Ulaliki ndi moyo wosatha. Palibe limodzi limene ndinganene kuti linali lachabe, ndipo n'chifukwa chake sindinkatseka: ndinkati ndidzawerenga. Ndikulankhula choncho ndinadzimva ndekha mawu anga, ndipo anali mawu a pusi ali m'malere.

Mphwanga anati Chrome imayendetsa masamba ake padera padera, kuti limodzi likagwa lisagwetse anzake. Ndi nzeru yabwino, koma tanthauzo lake n'lakuti mlendo aliyense amafuna mbale yakeyake. Masamba a masiku ano salinso zilembo zokha, muli mavidiyo, zotsatsa malonda ndi timapulogalamu tosagona. Amene anaitana alendo 43 pa lichero limodzi ndi ine.

Mankhwala ake anali ochititsa manyazi chifukwa chosavuta. Pa mndandanda wa Startup anadina Disable pa onse odziitana okha. Mkuyu ndi nyerere zake anazichotseratu. Alonda awiri aja anawachotsa ntchito onse, n'kusiya mlonda amene amabwera kale ndi Windows, yemwe amadzuka yekha akaona kuti pageti palibe wina. Magemu anatsala amodzi, pa pangano lakuti azitsegulidwa ndi munthu, asamadzitsegule okha. Masamba anga anawasunga ngati ma bookmark, kumene ndi kuwabweza kunkhokwe, kenako n'kuyatsa Memory Saver, imene imagoneka tsamba lililonse lomwe sunaliyang'ane kwa nthawi. Atatsegula kunsi kwa laputopu anatulutsa fumbi lokwana kufutukula kapilo, n'kundiuza kuti makina akatentha amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse.

Pomaliza anadina Restart. Ndinamuuza kuti ine ndimathimitsa usiku uliwonse. Anati pa Windows 10 ndi 11, ngati Fast Startup ndi yoyatsa, Shut down imasunga mtima wa Windows mmene unalili kuti mawa idzuke msanga, ndiye imadzuka ndi kutopa kwa dzulo. Restart ndiyo imakhuthula lichero lonse n'kuyambiranso. Zaka zonsezi ndinkaigoneka ndi nsapato kumapazi.

Tikudikira kuti iyake, anandisimbira za kompyuta imene inatsitsa Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin pa mwezi pa 20 Julayi 1969. Lichero lake linali la pafupifupi 4 KB, kutanthauza kuti langa la 4 GB linali lalikulu kuwirikiza pafupifupi miliyoni imodzi. Chombo chikutsika, kompyutayo inapatsidwa ntchito yoposa msinkhu wake ndipo inaliza chenjezo la nambala 1202. Koma gulu limene linalemba mapulogalamu ake ku MIT, mmene munali mayi wotchedwa Margaret Hamilton monga mtsogoleri, linaiphunzitsa khalidwe limodzi: zikachuluka, taya zosafulumira, gwiritsa chofunika. Inataya zina, n'kupitiriza kuwongolera chombo mpaka chinatera. Ndinakhala chete kwa kanthawi. Kunapezeka pusi mmodzi m'mbiri ya dziko amene anavomera kuponya chipatso pansi, ndipo ameneyo anafika pa mwezi. Ine ndi lichero la miliyoni ndinalephera kufika pa tsamba lachiwiri la lipoti la mpingo.

Laputopu inayaka madzi a tiyi asanawire. Memory inatsika kufika pa theka. Mphwanga anati ngati ndikufuna mtendere weniweni ndiwonjezere RAM ina ya 4 GB, poti kunsi kunali malo amodzi opanda kanthu, mwayi umene malaputopu ena alibe chifukwa RAM yawo ndi yowotcherera. Anaonanso kuti Windows yathu ndi ya 64-bit, chifukwa ya 32-bit singagwiritse ntchito zoposa 4 GB ngakhale utaithira zochuluka bwanji. Mwana wamkulu anafunsa ngati sitingangoidawuniloda RAM yo. Mphwanga anamuyankha kuti tsiku limene agogo ake adzalandire lichero pa WhatsApp, abwere adzamuuze.

Anandiuza kuti ndidikire Loweruka tipitire limodzi. Koma munthu amene wangophunzira mawu atsopano sadikira. Lachitatu ndinalowa m'sitolo ina m'tauni n'kunena molimba mtima kuti ndikufuna RAM ya laputopu, yatsopano kwambiri imene ali nayo. Anandipatsa DDR4. Kunyumba ndinalimbana nayo theka la ola, ikukana kulowa. Laputopu yathu ndi ya DDR3, ndipo opanga anaika dala kampata ka m'munsi mwa timatabwati pamalo osiyana, kuti anthu ngati ine tisakakamize ukwati wosatheka. Safunsa anadya phula. Loweruka tinapita limodzi kukasinthitsa, ine ndikuyenda pambuyo ngati mwana wobwezedwa kusukulu. Mphwanga anathimitsa laputopu, n'kuchotsa batire, n'kukhudza chitsulo kuti magetsi a m'thupi asawononge kanthu, n'kulowetsa kathabwako mopendeketsa mpaka kanalira kuti thapu. Za SSD, nkhokwe yamakono yopanda kambale kozungulira, anati ndiyo idzasinthe zinthu kwambiri, ndipo tinagwirizana kuti idikire banki m'khonde ikagawa.

Chinandivuta n'chakuti kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona Task Manager paliponse. Ndinadziwerengera ndekha. Magulu a WhatsApp ndili nawo 27: la anzanga a ku pulayimale, la a ku sekondale, la a ku sekondale amene anakangana ndi gulu loyambalo, la banja, la banja lopanda azakhali, ndi la ukwati umene unachitika kale ndipo eni ake ali ndi mwana woyenda. Makomiti ndili m'anayi. Mageni amene ndinayamba ndi atatu, ndipo onse ali pa mphindi yachinayi ngati ulaliki uja. Zonsezi zimadzidzutsa zokha ndikangotsegula maso m'mawa. N'zosadabwitsa kuti mayi a kunyumba akandifunsa ngati ndagula mafuta ophikira, ndimangowayang'ana kamkombero kakuzungulira m'maso. Iwo masiku ano sakwiyanso. Amangouza ana kuti, "Asiyeni adadi anu, apita kunkhokwe."

Ndinatuluka m'magulu asanu ndi limodzi tsiku limodzi. Atatu anandibwezamo dzuwa lisanalowe, ndipo wina anandiimbira foni kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Kutseka tsamba la munthu n'kovuta kuposa la Chrome, chifukwa limakufunsa kuti lakulakwira chiyani.

Laputopu tsopano ili ndi 8 GB ndipo kwa miyezi iwiri inathamanga ngati mwana wotumidwa kokagula switi. Malipoti ankatha dzuwa likadalipo. Mpingo unayambanso kundikhulupirira. Lamlungu lapitali mphwanga anabwera pa nthawi yake ya masiku onse, ndipo atatha kudya anati aione pang'ono mmene ikuchitira. Ndinayesa kumuchedwetsa ndi nkhani za mpira, koma zala zake zinali zitafika kale pa mabatani atatu aja. Memory inali pa 91%. Anawerenga ma tab mwakachetechete, milomo yokha ikugwedera, n'kufika pa 78.

"Amalume, ulimi wa nsomba uwu wayamba liti?"

Ndisanayankhe, mayi a kunyumba anayankhira ali kukhitchini, osatembenuka n'komwe, m'mawu amene ndinawamva komaliza pakhonde la agogo. Anati anthu amamvera chisoni pusi kuti anali ndi manja ochepa, koma akanamupatsa lachisanu akanathyolera chipatso chachisanu.

Mphwanga anafunsa ngati titseke. Ndinati atseke onse, kupatula la nsombalo. Ndi la bowa.